Tulo ta Masana pa Msewu wa Njinga

Vaudrigny, France
11 Epulo 1999

Okondedwa amayi a Tuda,

Mtendere wa Mulungu ukhale pakhomo panu. Moni kwa inu Ijja mkazi wanga, kwa ana athu Tuda ndi Yidir, ndi kwa apongozi anga Lalla Fadma, amene ndikudziwa kuti asendera kale pafupi kutchera khutu. Kodi mwadzuka bwanji nonse? Ine kuno ndili bwino, msana wokha ndiwo ukudandaula monga mwa masiku onse. Mlongo wanu Hammou nayenso ali bwino, akupereka moni.

Moni kwa inunso aphunzitsi, a Si Larbi, amene mukuwawerengera kalatayi. Chonde werengani monga ndalembera. Chaka chatha ndinalemba kuti agule mbuzi imodzi, inu munawerenga ziwiri, ndipo mpaka lero sindidziwa kuti yachiwiriyo inadyedwa kwa yani.

Ndatumiza mafalanka 1,500 pa positi. Mugule balere ndi mafuta a nyale, zotsalazo mukonzetse denga la chipinda cha amayi. Mmisiri musamulipiriretu. Munthu uja akagwira ndalama asanaponde dothi, mudzamuona chaka chamawa.

Ku minda ya mphesa tachokako. Abwana athu a Perrachon apeza ntchito ina. Kuno kuli njanji yakale imene sitima inasiya kuyendamo anthu ake asanamere imvi. Tikuzula mitanda yake, kudula minga, kusalaza, kenako tidzathira phula. Ndinawafunsa abwana kuti magalimoto oyenda mumsewu umenewu adzachokera kuti, poti kuno n'kumudzi, kuli ng'ombe zoyera ndi tchalitchi basi. Anaseka mpaka kutsokomola.

"Galimoto? Iwe Assou, mutu wako ukuyenda bwino? Muno simudzalowa galimoto ngakhale imodzi. Ndi msewu wa njinga uno."

"Njinga zopita kuti, bwana?"

"Zosapita kulikonse. Zongoyenda."

Mwamva zimenezo? Phula la njinga zosapita kulikonse! Ine ndinakumbukira tsiku lija tinakukwezani pa bulu kutsika nanu phiri kupita kuchipatala, muli ndi pakati pa Yidir, mukuluma mpango kuti musalire. Kwathu tapempha msewu mpaka mawu kusasa. Ndinangotola fosholo yanga.

Amayi asade nkhawa za Hammou. Ndinalonjeza pakhomo pawo kuti ndamutenga akuyenda ndi miyendo yake, ndidzamubwezanso akuyenda ndi miyendo yake, ndipo mawu amenewo sindinawaiwale. Timagona chipinda chimodzi pamwamba pa galaja ya abwana. Makwerero ake ndi aatali, ndipo iye amakonda kuima pakati. Akuti amaonerapo mudzi.

Za mapepala ake tikuyesetsabe.

Ndine mwamuna wanu,
Assou

Vaudrigny
13 Juni 1999

Okondedwa amayi a Tuda,

Moni nonse pakhomopo. Ndikhulupirira Mulungu akukusungani. Ine ndili bwino. Kalata yanu ndalandira, pamodzi ndi mafuta a azitona, ngakhale botolo linafika litachucha theka. Nkhuku zikamafa musagulenso zina mpaka chitopa chidutse.

Chigawo choyamba cha msewu chatsegulidwa. Kunabwera ameya atavala lamba wa nsalu pachifuwa, kunali vinyo, tchizi ndi zolankhula zosatha. Anathokoza boma, anathokoza agogo awo amene anamanga njanji, mpaka anathokoza nyengo chifukwa sikunagwe mvula. Ife abwana anatiuza kuti tibise mawilibala kuseri kwa siteshoni yakale, ndipo tikhale komweko tiziwayang'anira. Hammou anandigunda ndi chigongono.

"Alamu, mukuona? Ife ndi mawilibala ndife a mtundu umodzi."

Tsopano njinga zayamba kubwera. Ijja, mukanaona! Madoda a imvi, eni magalimoto awiriawiri, avala timakabudula tothina, manyazi alibe, akupalasa kuchoka ku mudzi uno kukamwa khofi ku mudzi winawo n'kubwerera. Njinga imodzi mtengo wake uposa ng'ombe yathu ndi mwana wake yemwe. Ndi anthu aulemu, zimenezo sindingawanamizire. Aliyense akamadutsa amakweza dzanja: "Moni! Moni!" Koma ndi moni woponya. Ukamati uyankhe, ufunse za kunyumba, munthu wafika kale kutali, ukungoona msana.

Ife ntchito yathu tsopano ndi iwiri: kuthira phula kutsogolo, ndi kusamala kumbuyo kumene tamaliza. Polowera paliponse taikapo mzati wachitsulo wa loko kuti galimoto isalowe. Kiyi amasunga bambo wina wa ku ofesi ya mudzi. Mizatiyo ndinazika ndine, ndipo abwana anandiyamikira kuti ngakhale thalakitala singaizule.

Ndalama za mwezi uno zichedwa pang'ono. Ndinafika ku positi belu la tchalitchi litangolira 12 koloko, mayi wake anatseka zenera ndikumuona. Kuno belu limenelo likalira, dziko limaima. Sitolo, positi, ofesi, onse kukadya, akatero kugona tulo tawo ta masana mpaka 2 koloko. Munthu wogona masana samudzutsa, ngakhale galu sauwa. Ife tokha ndiye timatafuna buledi chiimire.

A Si Larbi, apa tsitsani mawu. Mu siteshoni yakale muli mayi wina, a Ginette, amene amagulitsa khofi ndi chakudya kwa anthu a njinga. Ndi yekhayo amene amatifunsa za kwathu n'kudikira yankho. Tsiku lina anandikokera pambali.

"Assou, mnzakoyu milomo yake sikundisangalatsa. Pita naye kwa dokotala, wamva?"

Nditamuuza Hammou anangoseka. "Akandifunsa dzina ndikanene liti?"

Mukudziwa kuti khadi ya chilolezo chokhalira kuno imene akugwirira ntchito ndi ya msuweni wathu wa ku Lyon. Ndinamukalipira, ndinamunyengerera, koma makani ake ndi a kwanu komweko. Akuti ndi fumbi chabe.

Kwezani mawu tsopano. Amayi muwauze kuti mwana wawo wanenepa.

Ndine wanu,
Assou

Vaudrigny
25 Julayi 1999

Okondedwa amayi a Tuda,

Moni kwa inu, kwa ana ndi kwa amayi. Kuno tili moyo. Kwatentha koopsa, ndipo phula likawira mpweya wake umalowa mpaka m'mafupa. Usiku malovu amatuluka akuda.

Ndamva za maloto a amayi. Muwauze kuti maloto a chilimwe ndi a njala ndi kutentha, asawaike kumtima. Ngati akufuna kupereka sadaka, aphe tambala wofiira uja, asakhudze mbuzi.

Ndatumiza mafalanka 1,200. Achepa, ndikudziwa. Hammou anajomba masiku angapo ndipo abwana anadula. Tuda mumugulire nsapato, zina zidikire.

Ine ndi abwana tinasemphana mawu. Ndinawapempha kuti amuchotse Hammou pa phula chifukwa utsi sukumuyanja. Anavomera msanga, ine n'kuthokoza, osadziwa kuti ndadzitchera ndekha msampha. Amutumiza kumbuyo, ku chigawo chotsegulidwa chija, kukadula minga imene ikumera m'mbali. Ali yekha kumeneko kuyambira m'mawa, ine ndili kutsogolo ndi gulu la phula. Ndinabwereranso kwa abwana.

"Bwana, ndipatseni inenso chikwakwa, tikhale awiri."

"Awiri pa minga? Ukufuna ndilipire anthu awiri kuti azicheza? Mthunzi ulipo, mbalame zikuimba, anthu akudutsa tsiku lonse. Ena amalipira ndalama kuti abwere kumeneko. Akusowa chiyani?"

"Akusowa mbale wake."

"Kuno si kwanu, Assou. Ukafuna za chibale, chitseko ndi icho."

Walira mvula walira matope. Ndinabwerera ku phula chifukwa khadi yanga ikutha mwezi wamawa, ndipo popanda kalata ya abwana sangandipatse ina. Tinapangana ndi Hammou kuti belu la masana likalira tizikumana kwa a Ginette, tizidya limodzi. Akubwera tsiku lililonse, ngakhale amafika mochedwa.

Ali pompano akundisokoneza. Akuti za mtsikana amene amayi amupezera wamva, ndipo sakukana, koma adikire mphesa zikololedwe. Akufunsanso ngati ali ndi mano onse, poti amayi posankha amayang'ana manja okha. Mwamuona mlongo wanu? Mpweya wolankhulira zopusa ndiye saumusowa.

Mutipempherere.

Assou

Vaudrigny
8 Ogasiti 1999

Amayi a Tuda,

Moni. Ine ndili bwino.

Hammou matenda akula. Itanani amalume ake abwere adzakhale pafupi ndi amayi. Lachitatu madzulo amalumewo akadikire pa foni ya kusitolo, alankhula nawo ashehe a kuno.

A Si Larbi, inu ndinu munthu wamkulu. Mukudziwa mmene kalata yotere amawerengera.

Ndalama mwezi uno sinditumiza.

Assou

Vaudrigny
22 Ogasiti 1999

Amayi a Tuda,

Tonse ndife a Mulungu ndipo kwa Iye tidzabwerera. Ndikupereka moni kwa onse amene asonkhana pakhomopo. Za thanzi langa musafunse.

Thupi likwera ndege Lachinayi. Amalume ake akalilandire pa bwalo la ndege ku Ouarzazate, apeze galimoto yotseka kumbuyo. Bokosi ndi lomata, musalimbane nalo kuti mutsegule, ndi lamulo la kuno. Ndinamusambitsa ndekha pamodzi ndi ashehe, sanda ndinagula yabwino. Amayi muwauze zimenezo.

Mukudabwa kuti tachedweranji. Tachedwa chifukwa cha dzina. M'thumba mwake anapezamo khadi ya msuweni uja, ndiye pa mapepala amene anamwalira ndi munthu amene ali moyo ku Lyon, akuyendetsa basi. Ndayenda maofesi mpaka nsapato kung'ambika, kulumbira kuti uyu ndi Hammou mwana wa Lalla Fadma. Munthu wakhetsa thukuta pa msewu wawo, koma kuti avomere kuti anali iyeyo, zinatengera imfa ndi masitampa.

Abwana atafunsidwa anatambasula manja. "Ine ndinalemba ntchito munthu wa pa khadi. Hammou ameneyo sindimudziwa." Madzulo ake anabwera ku chipinda chathu, anaika envulopu ya ndalama pa bedi la Hammou, osandiyang'ana kumaso. Ndinafuna kuwaponyera nayo. Koma ndege si yaulere, ndiye ndinaitenga, ndipo ndikudzida nazo mpaka lero. Zotsalazo anasonkha amuna a ku mzikiti wa kutauni, anthu oti ena sanamuonepo n'komwe. A Ginette anatseka malo awo tsiku lonse n'kutiperekeza. Mwa anthu onse a m'mudzi muno anabwera okhawo.

Ine sindibwera nalo thupi. Khadi yanga inatha, andipatsa kapepala kodikirira, ndipo onse akundichenjeza kuti ndi nkhani imeneyi ndikangotuluka, chitseko chitsekeka kumbuyo kwanga. Ndiye mudzadya chiyani? Ndaganiza mpaka mutu kuwawa. Ndikudziwa zimene anthu anene pa maliropo, kuti Assou anatenga mwana wa eni ake n'kumubweza ngati katundu. Asiyeni anene, sakunama. Amayi akafuna kunditemberera musawaletse.

Zovala zake ndi wailesi ndatumiza ndi munthu wa ku mudzi wa kutsidya. Kwa makolo a mtsikana uja kupite munthu wamkulu akawauze bwinobwino, asamve za m'maluwa.

Lolemba ndibwerera ku phula. Atsala makilomita ochepa, akuti tifulumire alendo asanathe.

Ndilembereni, Ijja. Ngakhale mawu oipa.

Assou

Vaudrigny
17 Okutobala 1999

Ijja,

Moni. Ndikhulupirira ana ali bwino. Ine ndilipo.

A Si Larbi, kalata iyi muwawerengere kusukulu, amayi kulibe. Ndinakunenani za mbuzi, mundikhululukire. Lero musachotse kanthu ndipo musafewetse kanthu.

Miyezi iwiri ndakhala ndikupita ku bokosi la makalata ngati wamisala. Dzana yafika yanu, pepala lonse mzere umodzi: "Kodi anali yekha?" Simunandipatse moni, simunanditchule dzina. Chabwino. Mwafunsa, ndikuuzani.

Linali Lachisanu. M'mawa ananyamula chikwakwa ndi botolo la madzi, anatsika makwerero osaima pakati, ine mpaka ndinakondwa. Belu la masana litalira ndinapita kwa a Ginette monga mwa pangano. Ndinakhala pakhonde ndi buledi wathu, kudikira. Matebulo onse anali odzaza ndi anthu a njinga, poti unali mwezi wawo wa tchuthi. Pafupi nane panali bambo wina wa ndevu, kamera ili pakhosi, akucheza ndi anzake mokweza.

"Mwamuona mkulu uja wagona pansi pa mtengo waukulu, kupitirira mlatho? Chipewa kumaso, chikwakwa pambali. Ndamujambula! Moyo ndi umenewo, anzanga, osati wathu wa m'maofesiwu."

Mayi wina anayankha akuseka. "Tamuona. Ine ana ndinawauza kuti asalize mabelu, tinadutsa mwakachetechete. Munthu watopa, apume."

Kenako mkulu wina wa pa tebulo lina analowerera. "Ife tinadutsa kale, cha m'ma 10 koloko. Anali asanagone, anali atatsamira mtengo. Munthu wansangala zedi. Anatikwezera dzanja, ife tonse n'kumupatsa moni."

Ijja, buledi anandigwa m'manja. Hammou sanagonepo masana chifikireni kuno, ankaopa abwana kuposa njoka. Ndipo mlongo wanu simumudziwa? Akafuna kupereka moni amakuwa, sakweza dzanja. Dzanja limenelo ankaitana.

Ndinafuulira a Ginette kuti aimbe foni, ndinalumphira njinga imene inali pafupi. Inali ya bambo wa kamera uja. Ndinamva kumbuyo akukuwa, "Wakuba! Mugwireni!" Msewu umene ndinaupanga ndi manja angawa, tsiku limenelo ndiye ndinaupalasa koyamba. Ndi wosalala, Ijja. Tinaupanga bwino.

Ndinamupeza akupuma. Mumve bwino pamenepa: akupuma. Chipewa sanadziphimbe nacho, chinangotsetsereka pamene anagwa chammbali. Milomo inali bii. Ndinaika mutu wake pamwendo panga, ndinamudonthezera madzi. Anatsegula maso.

"Alamu, mwachedwa. Buledi mwamaliza?"

"Khala chete iwe. Ambulansi ikubwera."

Inabweradi, ndipo sinachedwe, ndinaimva kulira kwake kumsewu waukulu. Kenako inangoti zii. Inaima pa mzati wachitsulo. Bambo wa kiyi anali atapita kukadya kwa mwana wake ku mudzi wina, ofesi yotseka mpaka 2 koloko. Anyamata a ambulansi anayesa kuugwedeza mzatiwo, anaumenya, sunasunthe. Ndinakuuzani kuti anauzika ndani. Anasiya galimoto n'kuyamba kuthamanga wapansi ndi zikwama zawo, mtunda wonse uja, dzuwa lili pamutu. Sindiwaimba mlandu anyamata amenewo, anafika malaya atanyoweratu ndi thukuta.

Pamene tinkadikira, njinga zinkadutsabe. Ena ankachepetsa liwiro, kutiyang'ana, kumwetulira. Ankaona anthu awiri akupumula pamthunzi. Ine mawu a chilankhulo chawo anandithawa onse, ndinkangokuwa m'chathu. Banja lina linaima, mayi wake anagwada n'kumugwira dzanja, koma nthawi inali itatha. Ndinamunong'oneza mawu a chikhulupiriro, anawatsatira ndi milomo mpaka pakati.

Dokotala anati mtima wake unali wotupa kuyambira kale. Ndinamufunsa kuti, akanamupeza 10 koloko muja bwanji? Anayang'ana pansi, n'kundifunsa ngati ndikufuna madzi.

Ndiye yankho lanu ndi limenelo. Sanali yekha. Anamudutsa anthu ochuluka kuposa a pa msika wa kwathu, ndipo palibe anamutukwana, palibe anamuponya mwala. Onse anamulemekeza. Ndikanakonda akanakhala anthu oipa, ndikanadziwa woti ndimude. Usiku ndimayesa kuwada, ndimatha ndikudzida ndekha.

Msewu tinamaliza. Pansi pa mtengo uja aikapo benchi.

Sabata yatha a Ginette anandipatsa envulopu. Yachokera kwa bambo wa kamera uja. Walemba kuti sagona, kuti sanadziwe, kuti chithunzichi sakudziwa kuti achite nacho chiyani, kuchiwotcha akulephera. Kupepesa amadziwa anthu amenewa. Ndinachiyang'ana kamodzi kokha. Mtengo ndi wokongola, udzu ndi wobiriwira, kumbuyo kuli ng'ombe zoyera. Hammou wagona chammbali, chipewa chaphimba maso okha, dzanja lili pachifuwa. Pamenepo akadali moyo.

Zaka zonse zimene anakhala kuno sanajambulitsepo, ankaopa chilichonse chokhala ndi nkhope yake. Ndiye chithunzi chake ndi chokhachi, ndipo ndachiika m'kalata muno. Inu mukudziwa tsopano chimene chili pamenepo. Amayi sakudziwa. Amalume ake anandiuza pa foni kuti amalira chifukwa alibe ngakhale nkhope yake yoti ayang'ane, poti bokosi silinatsegulidwe.

Mukaona kuti n'koyenera, apatseni. Akachiyang'ana adzanena kuti mwana wawo ankakhala pabwino ku France, ankapeza ndi nthawi yogona masana. Musawatsutse.

Ndine mwamuna wanu, ngati mukundiwerengerabe,
Assou